Kodi Dizilo Angamere M'munda?

M'chigawo chapita tidakambirana za nkhuni ndi makala, ndipo tidaona mmene nkhalango zathu zikuthera pa mafuwa. Lero tichoke pa moto wa kukhitchini tikaime m'mbali mwa msewu, tione chimene chimayendetsa malole, mabasi, mathirakitala ndi zigayo za kumidzi.

Chidandichititsa kulemba nkhani ino ndi funso la mwana wa sukulu. Tsiku lina ndikuphunzitsa kalasi ya Fomu 3 za mafuta okumbidwa pansi pa nthaka, mnyamata wina wokhala kumbuyo adaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, ndidamva pa wailesi kuti kumaiko ena dizilo amachita kulima m'munda. Nanga ife amene tidabadwira pa khasu tikugoneranji pa mizere ya mafuta?" Anzake adafa nacho chiseko, koma ine sindidaseke, pakuti funso lomweli lavutitsa nduna za maboma, akatswiri a sayansi ndi eni makampani kwa zaka zoposa 20, ndipo ena mwa iwo adataya chuma chambiri chifukwa choliyankha mothamanga.

Funsoli lidandikumbutsa zaka za 2011 ndi 2012, ndiri ku koleji, pamene magalimoto ankagona masiku pa malo omwetsera mafuta, zigubu zitandandalikidwa ngati pa mjigo nthawi ya chilimwe. Mizere yotere idabweranso kuyambira m'chaka cha 2022. Gwero la vutoli ndi lodziwika. Dizilo amene timagwiritsa ntchito m'dziko muno amachokera kunja, amadzera pa madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene timazipeza movutikira pogulitsa fodya, tiyi ndi shuga. Dizilo akasowa feteleza safika kwa mlimi, chimanga sichichoka kumudzi, ambulansi imaima, ndipo amayi amabwerera ku mtondo chifukwa chigayo chazima. Choncho funso la mnyamata uja liyenera kuyankhidwa mofatsa.

Biodiesel n'chiyani?

Poyamba tisiyanitse mitundu iwiri ya injini. Injini ya petulo imayatsa mafuta ndi kamoto kochokera ku pulagi. Injini ya dizilo imapanikiza mpweya mpaka utatentha kwambiri, ndipo mafuta akapoperedwamo amayaka okha. N'chifukwa chake mafuta oyenera injini imodzi sayenera inzake. Ethanol, amene ali mbale wake wa kachasu, amagwirizana ndi petulo, koma sayaka bwino m'injini ya dizilo. Ofanana ndi dizilo ndiwo mafuta a mbewu monga mtedza, soya, mpendadzuwa ndi njere za thonje, kudzanso mafuta a nyama.

Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Injini ya Rudolf Diesel wa ku Germany, mwini dzina la mafutawa, idayamba kugwira bwino ntchito m'chaka cha 1897, ndipo pa chionetsero chachikulu cha ku Paris m'chaka cha 1900 anthu adaona injini ya mtundu wake ikuyenda ndi mafuta a mtedza. Chovuta n'chakuti mafuta a mbewu amayenda mwaulesi ngati uchi. Sapoperedwa bwino, ndipo pakapita nthawi amasiya mwaye ndi zomatamata m'kati mwa injini. M'chaka cha 1937 katswiri wina wa ku Belgium, dzina lake Chavanne, adalembetsa ku boma njira yowapepukitsira, ndipo njira yonga yomweyo ndiyo ikugwiritsidwa ntchito mpaka lero.

Amatenga mafuta a mbewu nawatenthetsa pang'ono, kenaka nawasakaniza ndi mankhwala otchedwa methanol pamodzi ndi soda woyabwa uja wopangira sopo. Zikadikha zimagawikana pawiri. Pansi pamakhala glycerine, yemwe akayeretsedwa amalowa m'sopo ndi m'mafuta odzola, ndipo pamwamba pamayandama mafuta opepuka amene akatsukidwa ndi kuchotsedwa madzi ndiwo biodiesel. Mwachidule, makilogalamu 100 a mafuta ndi 10 a methanol amatulutsa pafupifupi makilogalamu 100 a biodiesel ndi 10 a glycerine. Achinyamata okonda kuyesa zinthu adziwe kuti methanol ndi poizoni wochititsa khungu ndi kupha, ndipo si wosewera naye kuseri kwa nyumba.

Kawirikawiri biodiesel sagulitsidwa payekha koma amasakanizidwa ndi dizilo wamba. Mukamva kuti B5, ndiye kuti pa malita 100 ali onse malita 5 ndi a biodiesel; B20 ndi malita 20. Ubwino wake ndi wakuti amachepetsa utsi wakuda, amafewetsa zitsulo za pampu, ndipo akakhala wochepa m'chisakanizocho safuna kuti injini isinthidwe. Kuipa kwake n'kwakuti lita yake iri ndi mphamvu yocheperapo pang'ono poyerekeza ndi lita ya dizilo, amakoka chinyezi, amalimba kukazizira kwambiri, ndipo sachedwa kuwonongeka akakhalitsa m'thanki.

Chifukwa chake pamafunika lamulo

Apa ndi pamene pagona nkhani. Nthawi zambiri biodiesel amadula kuposa dizilo wokumbidwa pansi, chifukwa gawo lalikulu la mtengo wake ndi mafuta a mbewu aja, amene ali kale ndi msika wawo wa kukhitchini. Mwini lole sangasankhe yekha mafuta odula, ndipo wogulitsa sangasunge katundu wopanda womugula. Kuli konse kumene biodiesel wakula, wakula chifukwa boma lidaikapo dzanja. Njira zake ziripo zitatu: kulamula kuti kampani iri yonse yogulitsa dizilo isakanizemo muyeso wakutiwakuti, kuchepetsa msonkho pa mafutawa, kapena kulipira opanga biodiesel kusiyana kwa mitengo iwiriyo.

Zifukwa zimene maboma amapereka nazonso ndi zitatu. Choyamba ndi kuchepetsa kudalira mafuta akunja, phunziro limene dziko lonse lapansi lidalandira m'chaka cha 1973 pamene mtengo wa mafuta udakwera pafupifupi kanayi m'miyezi yowerengeka. Chachiwiri ndi kupezera alimi msika. Chachitatu ndi kusintha kwa nyengo. Dizilo wamba akapsa amatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene udali wotsekeredwa pansi pa nthaka kwa zaka zosawerengeka, pamene mpweya wotuluka mu biodiesel ndi womwe mbewu idaukoka mumlengalenga ikukula. Kuonjezera apo, mafuta a pansi akatha atha, koma mbewu imabzalidwanso dzinja liri lonse.

Zolinga zitatuzi zimamveka bwino pa msonkhano, koma m'munda zimakokana. Mbewu yotchipa kwambiri siikhala kawirikawiri ya mlimi wosauka, ndipo mbewu yotulutsa mafuta ochuluka ikhoza kukhala yomwe ikugwetsa nkhalango. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Tiyeni tione mmene zidayendera kwa anzathu amene adatsogola.

Europe: kuthamanga ndi kubwerera m'mbuyo

Ku Germany ndi France biodiesel adayamba kupangidwa wochuluka m'zaka za m'ma 1990 kuchokera ku njere za mbewu ya mtundu wa repu ndi mpiru, imene kumeneko amailima m'minda yaikulu chifukwa cha mafuta ake. M'chaka cha 2003 bungwe la European Union lidaika cholinga chakuti pofika 2010 magawo 5.75 pa 100 ali onse a mafuta oyendetsera magalimoto akhale ochokera ku zomera. Dziko la Britain lidayamba kukakamiza makampani ake ndi lamulo m'mwezi wa April 2008.

Lamulolo lidafika pa nthawi yoipa. M'zaka za 2007 ndi 2008 mitengo ya chakudya idakwera kwambiri pa dziko lonse, ndipo m'maiko monga Haiti ndi Cameroon anthu adachita zipolowe. Zifukwa zidali zambiri, monga chilala ndi kudula kwa mafuta ndi feteleza, koma kusandutsa mbewu kukhala mafuta a galimoto kudali chimodzi mwa izo. M'mwezi wa July chaka chomwecho lipoti lotchedwa Gallagher Review lidalangiza boma la Britain kuti lichepetse liwiro.

Mfundo imene idasokoneza masamu onse ndi iyi. Mlimi wa ku France akagulitsa mafuta ake kwa opanga biodiesel, ophika ndi opanga majarini amakagula mafuta ena m'malo mwake, ndipo otchipa ndiwo a migwalangwa ya mafuta ya ku Indonesia ndi Malaysia. Msika ukakula kumeneko munthu wina amadula nkhalango kuti abzale migwalangwa ina, ndipo mpweya wotuluka m'mitengo yotenthedwayo ndi m'nthaka ya m'madambo ukhoza kupitirira umene udapulumutsidwa pa msewu wa ku Paris. Wodula mtengo ndi woyendetsa galimoto sadziwana, koma lamulo limodzi lawalumikiza.

Pozindikira zimenezi, m'chaka cha 2015 bungwe lija lidaika malire akuti mafuta ochokera ku mbewu zodyedwa asawerengedwe kupitirira magawo 7 pa 100, ndipo m'chaka cha 2019 lidagamula kuti mafuta a migwalangwa achepetsedwe pang'onopang'ono mpaka adzaleke kuwerengedwa pofika 2030. Tsopano maso ali pa zotsalira, monga mafuta amene akazingira kale chakudya m'mahotela ndi mafuta a nyama a kophera ng'ombe. Ngakhale pamenepo pali chinyengo chofunika kulondera, pakuti mafuta akale atayamba kudula padamveka madandaulo akuti amalonda ena akugulitsa mafuta atsopano powanamizira kuti ndi okazingira kale.

Brazil: nsatsi idagonja kwa soya

Dziko la Brazil lidayamba ntchito yaikulu ya ethanol wa nzimbe m'chaka cha 1975, ndipo ya biodiesel lidaikhazikitsa m'mwezi wa December 2004, mu ulamuliro wa Pulezidenti Lula da Silva. Cholinga chidali chokoma. Boma lidafuna kuti alimi osauka a chigawo chouma cha kumpoto chakum'mawa azilima nsatsi, yomwe ija imamera yokha m'mabwinja kwathu kuno, ndi kumagulitsa ku mafakitale. Kampani yogula kwa alimi ang'onoang'ono inkapatsidwa chiphaso chapadera chochepetsera msonkho ndi chotsegulira msika.

Muyeso udakwera mwa dongosolo: malita 2 pa 100 m'chaka cha 2008, malita 5 m'chaka cha 2010, mpaka malita 15 m'mwezi wa August 2025. Koma nsatsi siidafike patali. Zokolola zake zidali zochepa ndi zomwazikana, mafuta ake ndi olemera kopitirira, ndipo opanga penti ndi mankhwala ankawagula pa mtengo wabwino kuposa opanga biodiesel. Amene adadzaza mathanki ndi soya, yemwe amapereka pafupifupi malita 7 pa malita 10 ali onse, motsatidwa ndi mafuta a nyama ndi zina.

Chifukwa chake n'chophweka. Soya wa ku Brazil amalimidwa makamaka kuti zotsalira zake zidyetse nkhuku ndi nkhumba. Mafuta ndi gawo limodzi chabe mwa magawo asanu a njere, ndipo adalipo kale ochuluka, minda, misewu ndi makina ofinyira ziri chikhalire. Lamulo lidapambana chifukwa lidapeza mafuta akudikira. Koma alimi ang'onoang'ono amene adapindula kwambiri adali a kum'mwera, ogwirizana kale m'makopaletivi, osati osauka aja amene ntchitoyi idayambira dzina lawo.

Indonesia: thanki ndi chiwaya

Indonesia ndilo dziko lotulutsa mafuta a migwalangwa ochuluka kuposa lina liri lonse, ndipo hekitala ya migwalangwa imapereka mafuta oposa a hekitala ya soya kangapo konse. M'chaka cha 2015 boma la kumeneko lidakhazikitsa thumba la ndalama zochokera ku msonkho wa mafuta otumizidwa kunja, ndipo thumbalo ndilo limalipira kusiyana kwa mtengo wa biodiesel ndi wa dizilo. Muyeso udafika malita 30 pa 100 m'chaka cha 2020, malita 35 m'chaka cha 2023, ndi malita 40 m'chaka cha 2025. Dzikolo lachepetsadi dizilo wogula kunja.

Komatu walira mvula walira matope. Kuonjezera pa nkhani ya nkhalango ija, m'chaka cha 2022 mitengo ya mafuta ophikira itakwera pa dziko lonse, amayi a m'dziko lodzala ndi migwalangwalo adaima pa mizere kufuna botolo la mafuta a ndiwo. Boma lidafika poletsa kutumiza mafutawo kunja kuyambira pa 28 April mpaka pa 23 May chaka chimenecho. Zifukwa za kusowako zidali zingapo, koma chinthu chimodzi chidaonekera poyera: thanki ya lole ndi chiwaya cha mayi zimatunga m'chitsime chimodzi.

Loto la msatsimanga

Tsono tibwere kufupi ndi kwathu. Pamene mkangano wa chakudya ndi mafuta udakula, anthu adayamba kufuna mbewu yosadyedwa yotha kumera pa nthaka yoguga. Maso onse adagwera pa mtengo wotchedwa jatropha, umene ife timati msatsimanga. Kwawo kwenikweni ndi ku Mexico ndi Central America, koma udafika mu Africa kalekale, ndipo makolo athu ankaubzala ngati mpanda chifukwa mbuzi siziudya. Njere zake ndi zapoizoni, koma pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake ndi mafuta.

M'chaka cha 2003 boma la India lidakonza zobzala mtengowu pa mahekitala pafupifupi 11 miliyoni. Ku Mozambique boma lidalimbikitsa midzi kuubzala. Ku Zimbabwe fakitale yaikulu ya biodiesel idatsegulidwa ku Mt Hampden pafupi ndi Harare m'chaka cha 2007, koma idasowa njere zokwanira kuiyendetsa. Ku Tanzania kampani ya ku Britain yotchedwa Sun Biofuels idatenga malo a mahekitala pafupifupi 8,000 m'boma la Kisarawe, ndipo idagwa m'chaka cha 2011, anthu a m'midzi yozungulira atataya malo ndi ntchito zomwe.

Mphepo imeneyi idafikanso kwathu. Ndiri mnyamata ndidathandiza malume anga kubzala msatsimanga m'malire a munda wawo, atabwera alangizi a bungwe lina ndi mbande pamodzi ndi lonjezo la msika. Tidauzidwa kuti mtengowu sufuna feteleza, sufuna madzi, ndipo ubala kwa zaka makumi angapo. Patapita zaka zitatu tidayamba kutola njere. Zipatso zake sizipsa pamodzi, kotero munthu amabwerera ku mtengo womwewo kangapo, ndipo nthawi yake ndi yomwe manja akufunika m'munda wa chimanga. Titasenda ndi kuyanika, zonse zidangokwana ndowa zowerengeka. Malume atamva mtengo wa pa kilogalamu adangoti, "Mphwanga, bola ndikadabzala nandolo." Chaka chotsatira ogula sadaonekenso. Mpandawo ulipo mpaka lero, ndipo ntchito yotchinga mbuzi ukuigwira bwino ndithu.

Cholakwika chidali chiyani? Msatsimanga udali mtengo wakutchire umene akatswiri adali asadausankhe ndi kuukonza monga adachitira ndi chimanga kapena fodya, kotero mtengo wina unkabala, unzake ayi. N'zoona kuti suuma msanga pa chilala, koma kukhala ndi moyo n'kwina, kubala n'kwina. Kuti ubale bwino umafuna mvula, nthaka yachonde ndi chisamaliro, zomwenso chimanga chimafuna. Kuonjezera apo zotsalira zake pofinya sizidyetsedwa ziweto chifukwa cha poizoni, motero phindu lachiwiri lija limene limanyamula soya palibe. Mbande ndi malonjezo zidatsogola, kafukufuku n'kubwera pambuyo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Phunziro la ku Dwangwa

Wina angaganize kuti mafuta a zomera sangatheke m'Malawi. Ayi, atheka kale, ndipo dziko lino liri m'gulu la maiko oyambirira mu Africa kuchita zimenezi. M'chaka cha 1982 fakitale ya Ethanol Company idayamba kutcheza ethanol ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Nthawiyo mafuta adali atakwera mtengo kawiri m'zaka khumi, ndipo nkhondo ya ku Mozambique inkasokoneza njanji za ku Beira ndi Nacala. M'chaka cha 2004 fakitale ya PressCane idayamba ntchito yomweyo ku Chikwawa. Kwa zaka zoposa 40 tsopano petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wathuwathu.

Chidachititsa kuti ntchitoyi ikhalitse n'chiyani? Mafakitalewa amagwiritsa ntchito manyuchi akuda otsalira popanga shuga, omwe a kufakitale amati molasses. Nzimbe zidalipo kale, zolimidwira shuga, ndipo manyuchiwo ankapezeka pa malo amodzi, pafupi ndi pomwe ethanol akutchezedwa. Sipadafunike kuyenda m'midzi kusonkhanitsa ndowa imodziimodzi. Boma nalo lidapereka msika wotsimikizika polamula kusakaniza. Ngakhale zinthu ziri choncho, kuchuluka kwa ethanol kumathera pomwe manyuchi athera.

Tikaika Dwangwa pambali pa Brazil tikuona chinthu chimodzi. Lamulo la kusakaniza mafuta limagwira ntchito pamene lapeza zipangizo ziri kale, zochuluka, ndi zosalimbirana ndi m'phika. Likayamba ndi lamulo kapena fakitale n'kumayembekezera kuti munda utsatira, limabala mpanda wa malume anga. Tsoka lake, ethanol amathandiza petulo yekha. Mbali ya dizilo, imene imanyamula katundu wa dziko, iribe chotsalira chachikulu chonga manyuchi.

Tiwerengetse

Aphunzitsi anzanga, nayi samu yoti mukapatse ana. Kuti mupeze lita imodzi ya mafuta a msatsimanga pamafunika njere zouma makilogalamu 4 kapena 5. Tiyerekeze chigayo cha pamudzi chimene chimamwa malita 10 pa tsiku ndipo chimagwira ntchito masiku 300 pa chaka. Ndiwo malita 3,000, ofuna njere zosachepera makilogalamu 12,000. Tiyerekezenso kuti hekitala imodzi yapereka makilogalamu 1,000, chimene alimi ang'onoang'ono ambiri sadachione. Chigayo chimodzicho chadya mahekitala 12, m'dziko limene mabanja ambiri a kumudzi amalima munda wosafika kapena wongopitirira pang'ono hekitala imodzi. Ana akatsiriza, afunseni kuti malole onse oyenda pa msewu wa M1 angafune minda ingati.

Nanga mtedza, soya ndi mpendadzuwa? Izi timalima ndipo timazidziwa. Koma dziko lino limaitanitsabe kunja gawo lina la mafuta ophikira, ndipo tonse tikukumbuka mmene botolo lidakwerera mtengo m'chaka cha 2022. Kuthira mafuta a soya m'lole uku tikugula mafuta a ndiwo ndi madola ndiko kuchotsa chigamba pa bondo n'kuchisokera pa chigongono. Methanol nayenso ngwoitanitsa kunja.

Malo ake enieni

Kodi tsono biodiesel tingomutaya? Iyayi. Ali ndi malo ake, koma ndi malo a mthandizi, osati a mwini nyumba. Dziko lofuna kumulowetsa m'ndondomeko yake liyenera kuyankha mafunso anayi lisadalembe nambala iri yonse m'lamulo. Mafutawo achokera ku mbewu yanji? Mbewuyo imera pa malo a yani, ndipo pamalopo padali chiyani? Kusiyana kwa mtengo alipira ndani? Nanga ndani adzayeza mafutawo kuti asaphe injini za anthu?

Kwathu kuno mayankho ake akuloza ku zinthu zazing'ono koma zotheka. Choyamba ndi kukulitsa ulimi ndi kufinya kwa soya, mpendadzuwa, mtedza ndi njere za thonje mpaka m'phika utakhuta. Zotsalira zidzadyetsa nkhuku, ndipo mafuta akadzasefukira m'pamene thanki idzalandire gawo lake. Chachiwiri ndi mafuta okazingira kale a m'mahotela ndi pa ziwaya za tchipisi m'mizinda. Mafuta obwerezedwa pa moto mpaka kuda si abwino m'thupi la munthu, ndipo kuwasonkhanitsa kuti ayendetse magalimoto angapo n'kupindula kawiri. Chachitatu ndi kafukufuku wodekha m'makoleji ndi m'malo oyesera mbewu, kuti mlimi asadzapatsidwenso mbande imene mwini wake sadaione ikubala. Muyeso wa kusakaniza uyambe pansi ndi kukwera molingana ndi mafuta amene alipo, ndipo mabungwe a Malawi Energy Regulatory Authority ndi Malawi Bureau of Standards akhale ndi zida zoyezera. Pambali pa zonsezi, katundu wolemera akachoka pa msewu n'kukwera sitima ya pa njanji, dizilo wopulumuka ndi wambiri popanda kulima hekitala ndi imodzi yomwe.

Inu achinyamata amene mwangotsiriza sukulu, tsiku lina kudzabwera munthu m'mudzi mwanu ndi mbewu yatsopano ndi mawu okoma. Mudzamulandire mwaulemu, kenaka mudzatulutse kope ndi pensulo. Mudzamufunse kuti mbewuyo idabala makilogalamu angati pa munda wa mlimi weniweni, adzagula pa mtengo wanji, kwa zaka zingati, ndipo akapanda kubwera mudzaidya kapena kuigulitsa kwa yani. Safunsa adadya phula.

Mnyamata wanga wa Fomu 3 uja ndidamuyankha sabata yotsatira, titatha kuwerengetsa samu ya chigayo pa bolodi. Ndidamuuza kuti inde, dizilo amamera m'munda, koma munda womwewo ndi umene umamera nsima ndi ndiwo, ndipo ntchito ya boma ndi kudziwa malire a ziwirizi. Adayang'ana nambala 12 ija kwa kanthawi, kenaka adati, "Ndiye aphunzitsi, kwathu mundawo ungogaya chimanga cha mwezi umodzi." Ndidamuuza kuti wakhoza.

M'chigawo chotsatira tidzakambirana za njanji ndi magetsi.